Kafukufuku wa mankhwala m'zipatala za boma: mafunso ndi mayankho pa kakonzedwe koti anthu alowemo mwaufulu

Mankhwala ndi katemera aliyense amene timalandira kuchipatala anayamba wayesedwa pa anthu amene anavomera kulowa m'kafukufuku. Komabe kafukufuku wambiri amachedwa, kapena amatha osapereka yankho lomveka, chifukwa anthu amene analowamo ndi ochepa kapena ambiri anasiyira panjira. Zikatero, mlandu umakonda kugwera anthu, kuti ndi ouma mitu kapena kuti sadziwa ubwino wa sayansi. Mayankho ali m'munsiwa atsamira pa ganizo lina, lakuti nthawi zambiri vuto limayambira pa tebulo pomwe kafukufukuyo anakonzedwera, ndipo kuti anthu amalowa mosavuta ngati kafukufukuyo walukidwira mu ntchito ya tsiku ndi tsiku ya chipatala chimene amapitako kale.

Kodi kuchita kafukufuku mkati mwa zipatala za boma kumasiyana bwanji ndi kafukufuku wina?

Pa kafukufuku woyesa mankhwala, odwala amagawidwa m'magulu awiri kapena angapo mwa maere, gulu lina n'kulandira chithandizo chatsopano pamene lina likulandira chithandizo chimene chilipo kale, kenaka ofufuza amafananiza zotsatira. Pali njira ziwiri zoyendetsera ntchitoyi. Njira yoyamba ndi yomanga kachipatala kapadera, kokhala ndi anamwino ake, galimoto zake ndi makina ake, n'kumasankha odwala ochepa okwaniritsa mndandanda wautali wa zofunika. Njira imeneyi ndi yoyenera pamene mankhwala ali atsopano kwambiri ndipo kuopsa kwake sikunadziwike bwino. Njira yachiwiri ndi yotengera kafukufukuyo kuwodi, kusikelo ndi kumzere wa odwala akunja, kuti namwino ndi dokotala amene amaona wodwala masiku onse ndiwo amufotokozere, amulembe ndi kumutsatira. Njira yachiwiriyi ndiyo ikukambidwa pano, ndipo imagwira bwino pamene funso lili lakuti pa njira ziwiri zochiritsira zimene tili nazo, ndi iti imene imapulumutsa anthu ambiri m'zipatala zathu momwe zililimu.

N'chifukwa chiyani kuli kofunika kuyesera m'chipatala wamba, m'malo mongotenga zotsatira za kwina?

Yankho lomveka bwino linachokera ku Salima. Pali makina othandiza ana kupuma amene amakankhira mpweya m'mphuno mopitirira, otchedwa bubble CPAP, ndipo kafukufuku wa m'chipatala china chachikulu ku Bangladesh anali ataonetsa kuti amathandiza ana odwala chibayo chachikulu. Anthu ambiri ankayembekezera kuti makinawa athandizanso kuno. Kuyambira mu 2015 mpaka mu 2018 anayesedwa pachipatala cha boma cha Salima, m'wodi ya ana yomwe inkayendetsedwa ndi anamwino ndi othandiza madokotala, popanda dokotala wa ana woyang'anira tsiku lililonse. Ana 644 odwala chibayo chachikulu, amenenso anali ndi vuto lina monga kunyentchera kapena HIV, anagawidwa mwa maere. Mwa ana amene anaikidwa pa makinawa, 17 pa 100 alionse anamwalira, pamene mwa amene analandira okosijeni wamba anamwalira 11 pa 100 alionse, ndipo kafukufukuyo anaimitsidwa nthawi yake isanakwane.

Nkhaniyi ndi yowawa, koma iganizireni motere: makinawa akanangogawidwa m'zipatala zonse za m'maboma potengera zotsatira za kwina, palibe amene akanazindikira kuti ana ena akutayika, chifukwa mwana wa chibayo chachikulu akamwalira aliyense amati matenda anakula. Chithandizo sichigwira ntchito pachokha ayi. Chimadalira manja amene akuchipereka, chiwerengero cha ana amene namwino mmodzi akuwayang'anira usiku, komanso ngati magetsi alipo. Zimenezi sizingaoneke m'kachipatala kapadera kamene kali ndi zonse.

Kodi pali dziko limene linasonyeza kuti anthu ambiri angalowe m'kafukufuku kudzera m'zipatala za boma?

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi kafukufuku wa RECOVERY wa ku Britain. Dzikolo lili ndi dongosolo limodzi la zipatala za boma, la NHS, lomwe linakhazikitsidwa mu 1948. Mu March 2020, matenda a Covid-19 atayamba kudzaza mawodi, Peter Horby ndi Martin Landray a ku yunivesite ya Oxford anakonza kafukufuku wofuna kudziwa ngati mankhwala ena amene analipo kale angachepetse imfa. Iwo ankadziwa kuti madokotala ndi anamwino ali pa mpanipani, choncho anachotsa chilichonse chimene sichinali chofunika poyankha funsolo. Pafupifupi wodwala aliyense wogonekedwa ndi matendawa ankaloledwa kulowa. Chikalata chofotokozera wodwala chinali cha masamba ochepa. Dokotala ankalemba mfundo zochepa pa intaneti, kompyuta n'kuchita maere pomwepo, ndipo pambuyo pake ankadzaza fomu imodzi yokha wodwalayo akatuluka, akamwalira kapena pakatha masiku 28. Zina zonse zinkatengedwa m'kaundula wa NHS, momwe munthu aliyense ali ndi nambala yake. Akuluakulu a zaumoyo a dzikolo analemberanso madokotala onse kuwalimbikitsa kuti alowetse odwala m'kafukufuku m'malo momangoyesa mankhwala aliyense payekha.

Zipatala za m'mabungwe 176 a NHS zinatenga nawo mbali, ndipo pomatha miyezi iwiri odwala opitirira 10,000 anali atalowa. Pa 16 June 2020 zinalengezedwa kuti dexamethasone, mankhwala akale ndi otsika mtengo, amachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa odwala opumira makina, ndi gawo limodzi mwa magawo asanu pakati pa olandira okosijeni, koma sathandiza amene sakufunika okosijeni. Zotsatirazi zinachokera pofananiza odwala 2,104 amene analandira mankhwalawa ndi 4,321 amene analandira chithandizo cha masiku onse. M'mwezi womwewo kafukufukuyu anasonyezanso kuti mankhwala a hydroxychloroquine, amene anthu ambiri ankawatama, sapulumutsa odwala ogonekedwa.

Chimene chinakopa anthu sichinali kunyengerera kapena malipiro. Wodwala sankafunika kupita kwina kulikonse kapena kubweranso ulendo wapadera, ndipo dokotala sankataya ola lathunthu pa mapepala.

Nanga ku Malawi, komwe zambiri za wodwala zili m'buku la kuchipatala limene amayenda nalo yekha, zimenezi zingatheke?

Sitingakopere zonse, pakuti tilibe kaundula mmodzi wa pakompyuta wolumikiza zipatala zonse, ndipo buku la kuchipatala limatha kunyowa, kutayika, kapena munthu kukhala ndi mabuku awiri. Koma mfundo yaikulu, yoti kafukufuku apite kumene anthu ali kale, inagwiritsidwapo ntchito kuno ndipo inabala zipatso.

Mu 2018 katemera wa tayifodi anayesedwa ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mumzinda wa Blantyre, pa ana opitirira 28,000 a miyezi 9 mpaka zaka 12. Katemerayu ankaperekedwa m'masukulu a m'madera momwemo, kamodzi kokha. Pambuyo pake makolo sanauzidwe kuti azibwera ndi mwana mwezi ndi mwezi. Ofufuza anaika antchito awo m'zipatala zimene mabanjawo amapitako kale, monga ya Ndirande, ya Zingwangwa ndi chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kotero kuti mwana akabwera ndi kutentha thupi ankazindikiridwa kuti ali m'kafukufuku, magazi ake n'kuyezedwa ngati muli tizilombo ta tayifodi. Kholo linkangochita zimene likanachita ngakhale popanda kafukufuku, ndiko kupita ndi mwana wodwala kuchipatala, ndipo linkapindula ndi kuyeza kumene nthawi zambiri sikupezeka pachipatala chaching'ono. Zotsatira zinatuluka mu 2021, zosonyeza kuti katemerayu amateteza ana pafupifupi 80 pa 100 alionse amene akanadwala, ndipo mu May 2023 boma linapereka katemerayu m'dziko lonse.

Katemera wa malungo anadutsanso njira yofananako. Malawi linali dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa RTS,S pa 23 April 2019, patsogolo pa Ghana ndi Kenya, m'maboma 11, kudzera kusikelo ya masiku onse ndi m'manja mwa alangizi a zaumoyo amene amayi ankawadziwa kale. Madera ena anayamba kulandira pamene ena ankadikira, kuti pakhale pofananizira, ndipo bungwe la WHO linavomereza katemerayu mu October 2021.

Kodi chimene chimalepheretsa anthu kulowa kapena kupitiriza n'chiyani kwenikweni?

Nthawi zambiri ndi zinthu zooneka zazing'ono kwa amene akulemba ndondomeko mu ofesi. Ndondomeko ikanena kuti wodwala azibwera kuchipatala maulendo khumi, wolembayo amaona mizere khumi patsamba, pamene mayi wa kumudzi amaona masiku khumi osapalira, kabaza wopita ndi wobwerera, mtsinje wodzadza m'dzinja, ndi ana ena osiyidwa opanda wowaphikira. Bambo wodalira ganyu akakhala pa benchi la chipatala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, banja lake ligona ndi njala tsiku limenelo. Choncho funso loyenera kufunsa pa ulendo uliwonse, pa kuyeza kulikonse ndi pa funso lililonse la pafomu ndi lakuti: tikachotsa chimenechi, kodi yankho la kafukufuku lisintha? Ngati silisintha, chichotsedwe. Maulendo otsalawo agwirizanitsidwe ndi tsiku la sikelo kapena tsiku lodzatenga ma ARV, ndipo pomwe n'kotheka munthu afunsidwe pa foni kapena achezeredwe ndi mlangizi wa zaumoyo.

Chachiwiri ndi chakuti m'mabanja ambiri munthu sapanga yekha chiganizo chachikulu. Mayi akhoza kumvetsa bwino ndi kufuna kuti mwana wake alowe, koma n'kunena kuti akayamba wafunsa bambo a mwanayo, apongozi kapena amalume. Kafukufuku wokakamiza kuti yankho liperekedwe pomwepo amataya mabanja otere, kapena amalandira "inde" amene mawa adzasanduka mkangano kunyumba. Ndi bwino kupereka kapepala kopita nako kunyumba ndi tsiku lobwereranso, ndi kulola kuti mwamuna kapena wachibale adzafunse yekha mafunso ake. Komabe chiganizo chomaliza chikhale cha mwini thupi kapena kholo, ndipo mayi amene sakufuna kuti mwamuna wake adziwe, monga zimachitikira pa nkhani za HIV ndi za kulera, chinsinsi chake chisungidwe.

Anthu ambiri amaopa kutengedwa magazi. Kodi mantha amenewa angathetsedwe bwanji?

Choyamba ndi kusawaseka. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, anthu ena anaphedwa powaganizira, ndipo mabungwe ena anachotsa antchito awo m'maderawo kwa kanthawi. Munthu amene anaona zimenezo, akaona galimoto yachilendo yafika pamudzi ndi anthu onyamula timabotolo ta magazi, sakulakwa kufunsa. Ndipo mbiri ya kafukufuku padziko ili ndi zipsera zenizeni: ku Tuskegee m'dziko la America, kuyambira mu 1932 mpaka mu 1972, amuna akuda odwala chindoko ankangowayang'anitsitsa osawapatsa mankhwala, ngakhale mankhwala ochiza matendawa a penicillin atapezeka.

Mantha a magazi amachepa ndi zinthu zooneka ndi maso. Namwino atenge kabotolo kopanda kanthu, athiremo madzi a pa supuni ya tiyi imodzi kholo likuona, kuti lidziwe kuti mamililita 5 ndi ochuluka bwanji. Afotokoze kumene magaziwo akupita, chimene akayezedwe, ngati otsala adzasungidwa kapena kutayidwa, komanso ngati ena adzatumizidwa kunja ndi chifukwa chake, pakuti kutumiza kunja kumafuna chilolezo cha makomiti oona za kafukufuku. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, ndi mamembala a komiti ya m'dera aitanidwe kukaona labotale ndi maso awo. Ndipo zotsatira zimene zili zothandiza wodwala zibwerere kwa iye msanga, chifukwa magazi amene amangopita osabweretsa yankho lililonse ndiwo amabala manong'onong'o. Koposa zonse, okonza kafukufuku adziletse: kutenga magazi ochuluka pongoti mwina adzafunika m'tsogolo kumawononga chikhulupiriro chimene kafukufuku wotsatira adzachifune.

Kodi chilolezo chenicheni chimaoneka bwanji?

Malamulo aakulu a dziko la Malawi, pa gawo 19, amanena kuti munthu asayesedwe pa za mankhwala kapena za sayansi popanda chilolezo chake. Koma saini kapena chidindo cha chala pansi pa masamba makumi awiri si umboni woti munthu wamvetsa. Zikalata zazitali zambiri zimalembedwa poteteza bungwe lopereka ndalama ku milandu, kenaka n'kumasuliridwa m'Chichewa chimene ngakhale mphunzitsi sangachitsatire. Chikalata chabwino chimanena zinthu zochepa momveka: kuti uyu ndi kafukufuku, kuti madokotala sakudziwa chithandizo chimene chili bwino koposa, kuti gulu limasankhidwa mwa maere, zoopsa zimene zikudziwika, zimene munthu adzafunike kuchita, ndi kuti akhoza kukana kapena kutuluka tsiku lililonse osataya chithandizo chake. Chilembedwe m'chilankhulo cha deralo, kaya Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, ndipo chiyesedwe kaye pa anthu wamba chisanasindikizidwe. Wofotokoza akamaliza, asafunse kuti "Mwamva?", chifukwa mwaulemu wathu yankho limakhala "Eya" nthawi zonse. Apemphe munthuyo kuti afotokoze m'mawu akeake zimene akauze a kunyumba.

Kafukufuku wochitikira m'chipatala cha boma ali ndi chiopsezo chake chapadera pa nkhaniyi, ndipo sitiyenera kuchibisa. Wodwala amene akupemphedwa ndi namwino yemweyo amene amamupatsa mankhwala akhoza kuopa kuti akakana adzamukalipira kapena kumuika kumapeto kwa mzere. N'chifukwa chake mawu oti kukana sikusintha kanthu ayenera kunenedwa pakamwa, mobwereza, ndi kuonekera m'zochita. Kwa amene sadziwa kuwerenga pakhale mboni yosakhudzidwa ndi kafukufukuyo, ndipo mwana wamkulu afunsidwenso maganizo ake ngakhale kholo litavomera.

Nanga wodwala amene wakomoka kapena wasokonezeka mutu?

Odwala oterewa ndiwo amafa kwambiri, ndipo kuwasiya kunja kwa kafukufuku kumatanthauza kuti chithandizo chawo chidzakhalabe chongoganizira. Kafukufuku wa AMBITION, amene anachitika ku Botswana, Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, anali wa matenda oumitsa khosi amene amagwira anthu a HIV chitetezo chikatsika kwambiri, ndipo ena mwa odwala 844 amene analowa anafika asakuzindikira bwino. Pa zoterezi wachibale wodikirira wodwala amapereka chilolezo m'malo mwake, ndipo wodwalayo akatsitsimuka amafunsidwa yekha ngati akufuna kupitiriza. Kafukufukuyu anasonyeza kuti kupereka mlingo umodzi waukulu wa mankhwala otchedwa liposomal amphotericin B pamodzi ndi mapiritsi kumathandiza mofanana ndi kubaya mankhwala akale kwa sabata lathunthu, ndipo kumavulaza thupi mocheperapo. Bungwe la WHO linasintha malangizo ake mu 2022.

Kodi maere si kusewera ndi moyo wa munthu? Nanga mankhwala ongoyerekeza, opanda mphamvu yochiza, amene gulu lofananizira limapatsidwa nthawi zina?

Maere amaloledwa pokhapokha pamene akatswiri sakudziwadi njira imene ili yabwino koposa. Dokotala akamasankha yekha, mosazindikira amapereka mankhwala atsopano kwa odwala amene akuoneka kuti achira, ndipo mapeto ake mankhwalawo amaoneka amphamvu pamene si choncho. Maere amachititsa kuti magulu awiriwo afanane pa chilichonse kupatula chithandizo chimene chikuyesedwa.

Kumana munthu chithandizo chodziwika kuti chimagwira ntchito n'kosaloledwa. Ndipo pali njira zokonzera kuti gulu lofananizira lisatuluke chimanjamanja: ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, ana amene sanalandire katemera wa tayifodi analandira katemera weniweni wa mtundu wina wa matenda oumitsa khosi. Kholo limavomera mosavuta likadziwa kuti jakisoni amene mwana wake wabayidwa si madzi chabe. Nthawi zinanso maere amachitika pa midzi kapena pa zipatala m'malo mwa munthu mmodzimmodzi. Umu ndi mmene zinalili pa kafukufuku wa mbaula zosatulutsa utsi wambiri ku Chikwawa ndi ku Karonga, amene anakhudza ana opitirira 10,000 ndipo anapeza kuti mbaulazo sizinachepetse chibayo. Pamenepa chilolezo cha mfumu chimatsegula njira yolowera m'mudzi, koma sichilowa m'malo mwa chilolezo cha banja lililonse.

Kodi olowa m'kafukufuku azilipidwa?

Munthu asataye ndalama yake chifukwa chothandiza dziko, choncho ndalama ya mayendedwe, chakudya ndi nthawi imene wataya ziyenera kubwezedwa, ndipo zibwezedwe tsiku lomwelo. Koma ndalamayo ikakula kwambiri, wosauka amasiya kuyeza zoopsa n'kumangoona chimanga chimene agule. Makomiti oona za kafukufuku ndiwo amavomereza mlingo wake, ndipo ndi bwino kuti kafukufuku wa pachipatala chimodzi asamapikisane pa malipiro.

Anamwino ndi ochepa kale. Kodi kafukufuku sangowawonjezera katundu?

Ili ndi funso limene okonza kafukufuku ambiri amalizemba, koma ndi pamene kafukufuku wa m'zipatala za boma amaimira kapena kugwera. Namwino amene ali yekha m'wodi yodzadza sangadzaze fomu ya masamba asanu pa wodwala aliyense, ndipo akakakamizidwa, ntchito ziwiri zonse ziwonongeka. Ku Britain zinatheka mwa zina chifukwa dzikolo linali kale ndi anamwino a kafukufuku olipidwa ndi boma m'zipatala zake. Kuno ndalama za kafukufuku zizilipira antchito owonjezera ogwira pamodzi ndi a boma, mafomu azitengera zimene zimalembedwa kale m'kaundula wa wodi, ndipo akuluakulu a chipatala cha boma pamodzi ndi anamwino eniake azikhalapo pamene ndondomeko ikulembedwa, osati kungoitanidwa ku msonkhano wa tsiku limodzi zonse zitatha.

Pali zoipa ziwiri zoyenera kuzipewa. Choyamba ndi kukokera anamwino aluso onse ku kafukufuku chifukwa cha malipiro abwino, wodi ya boma n'kutsala yopanda anthu. Chachiwiri ndi kukhala ndi odwala a mitundu iwiri m'chipinda chimodzi, wina ali ndi mankhwala onse ndi namwino pambali, mnzake wa bedi loyandikana akuuzidwa kuti akagule mankhwala kufamase. Odikirira odwala amaona zimenezi ndipo amakazikamba kumudzi. Kusiyana kumeneku kukakula, anthu amalowa m'kafukufuku chifukwa choti kunja kwake kulibe chithandizo, ndipo chilolezo chotero chimakhala chopanda ufulu weniweni. Makina oyezera, okosijeni ndi maphunziro zimene kafukufuku wabweretsa zizithandiza wodi yonse.

N'chifukwa chiyani amayi oyembekezera, ana ndi okalamba amasiyidwa kawirikawiri?

Amasiyidwa poopa kuwavulaza, ndipo pa mankhwala atsopano kwambiri kusamala kumeneku n'koyenera. Koma mankhwalawo akavomerezedwa, mayi woyembekezera amawamwabe, tsopano popanda umboni uliwonse wa mlingo woyenera kapena wa zimene angachite kwa mwana. Momwemonso nkhalamba ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi, yomwe ndiyo imadzadza mawodi, imapatsidwa mankhwala oyesedwa pa anthu amphamvu. RECOVERY analola amayi oyembekezera ndi ana kulowa pa mankhwala amene anali oyenera kwa iwo. Mayiko a m'bungwe la WHO anagwirizana mu May 2022 zolimbikitsa kafukufuku wabwino wa mankhwala, ndipo malangizo amene bungweli linatulutsa mu 2024 amatsindika kuti olowa m'kafukufuku azifanana ndi anthu amene adzagwiritse ntchito chithandizocho. Kwa ife izi zikutanthauzanso kuti kafukufuku asamangothera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, pakuti Amalawi ambiri amakhala kumudzi ndipo amathandizidwa m'zipatala zazing'ono za boma ndi za CHAM.

Ndani amateteza munthu amene walowa?

Kafukufuku asanayambe amaunikidwa ndi komiti yoona za ufulu ndi chitetezo cha olowamo, monga National Health Sciences Research Committee ya ku Unduna wa Zaumoyo, kapena komiti yotere ya ku Kamuzu University of Health Sciences. Ngati akukhudza mankhwala kapena katemera, pafunikanso chilolezo cha Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Kafukufuku ali mkati, gulu la akatswiri oima paokha limaona zotsatira nthawi ndi nthawi, ndipo lili ndi mphamvu yolangiza kuti aimitsidwe. Ku Salima zinachitika chifukwa chithandizo chatsopano sichinkathandiza. Pa kafukufuku wa HPTN 052, amene anali ndi mabanja 1,763 omwe mmodzi yekha anali ndi HIV, m'mayiko 9 kuphatikizapo ku Lilongwe ndi ku Blantyre, gululi linalangiza mu 2011 kuti zotsatira zilengezedwe msanga chifukwa zinaoneka kuti kuyamba ma ARV mofulumira kumachepetsa ndi 96 pa 100 mwayi wopatsira HIV mwamuna kapena mkazi wako, ndipo onse a gulu limene linkadikira kuyamba ma ARV anapatsidwa mwayi woyamba mankhwalawo. Pa chikalata cha chilolezo pamayenera kukhala nambala ya foni ya komiti, kuti wodandaula akhale ndi kokanena kosadutsira mwa ofufuzawo, komanso pafotokozedwe amene adzalipire chithandizo ngati munthu wavulala chifukwa cha kafukufuku.

Kafukufuku akatha, olowamo amapindula chiyani?

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri m'madera ndi lakuti ofufuza amabwera ndi ulemu wonse pofuna anthu, koma akapeza zimene amafuna amangozimiririka. Anthu amene anapereka magazi ndi masiku awo ayenera kukhala oyamba kumva zotsatira, m'chilankhulo chawo, pabwalo la sukulu kapena pachipatala pomwe analembedwera, ngakhale zotsatirazo zikhale zoti mankhwalawo sanathandize. Ndalama ya msonkhano umenewu iikidwe mu bajeti pachiyambi, chifukwa ikasiyidwira kumapeto imapezeka kuti yatha.

Chachikulu kuposa msonkhano ndi chakuti chithandizo chimene chapambana chifike m'zipatala. Apa ndi pamene pamaonekera ngati Unduna wa Zaumoyo unalimo kuyambira posankha funso. Kafukufuku woyesa mankhwala amene boma silingakwanitse kugula, kapena ofuna firiji ndi makina amene chipatala chaching'ono chilibe, amasiya anthu ndi nkhani yabwino m'magazini a akatswiri basi. Choncho ndondomeko isanavomerezedwe pazikhala mayankho olembedwa a mafunso awa: mankhwalawa akapambana adzagulidwa pa mtengo wanji ndipo adzagula ndani, adzaperekedwa ndi antchito a mlingo uti, olowa m'kafukufuku amene akuwadalira adzapitiriza kuwalandira kuti pamene boma likukonzekera, ndipo gulu limene linali lofananizira lidzalandira liti. Pa katemera wa tayifodi panadutsa zaka zisanu kuchokera pamene ana a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa anabayidwa mu 2018 kufika pamene ana a dziko lonse anamulandira mu 2023, ndipo kuchokera pamenepo katemerayu ali pa ndondomeko ya kusikelo, woperekedwa mwana akakwanitsa miyezi 9.